Tsamba 14 ndi Ukwati wa Sisi Annet

Dzina langa ndine Tecla, mwana wachiwiri wa malemu bambo Kamwendo a ku Glen Norah. Lero ndine gogo wa zidzukulu zisanu, Lachinayi ndimavala yunifolomu ya Mvano, ndipo atsikana akasokonekera mutu ndi chikondi amawatumiza kwa ine kuti ndikawalangize. Ndimawalangiza ndithu. Koma mumtima ndimaseka, chifukwa palibe mmodzi wa iwo amene anafikapo pomwe ndinafika ine mu 1978.

1

Chaka chimenecho ndinali mu Folomu 4 pa sekondale ina ya ku Highfield. Bambo anga anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nabwera kuno ku Halale kudzagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Workington. M'nyumba mwathu Chishona chinkathera pakhomo. Ukalowa ndi moni wa Chishona, ankakubweza panja kuti ukalowenso bwino.

Nkhondo inali kutchire, koma ngakhale ife tinkaimva. M'kalasi mwathu munali madesiki atatu opanda eni ake. Anyamatawo anangosowa pa tchuthi cha Epulo, ndipo aliyense ankadziwa kuti awoloka kupita ku Mozambiki, koma palibe ankanena. Pofuna kuti mitu yathu isamaganize zambiri, ahedi analamula kuti masana a Lachitatu ndi Lachisanu aliyense azikhala mu kalabu.

Ine ndinalowa makalabu anayi. Atatu mwa iwo ndinalowera Hector Chikapa.

Hector anali wamtali, wa mzere wa lezala m'tsitsi, ndipo m'thumba lakumbuyo simunkasowa kabuku ka zithunzi za ndege. Atalowa kwaya, nanenso ndinalowa, mpaka aphunzitsi anandipempha mwaulemu kuti ndizingoyendetsa milomo. Atalowa kalabu ya mtsutso, ndinalowa, ndipo tsiku lina ndinapezeka ndikuwombera m'manja gulu lomwe linkatsutsana nafe chifukwa iye anali kumeneko. Atalowa ya alimi achinyamata, ndinalowa. Iye anamupatsa dimba la kabichi, ine anandipatsa khola la nkhuku, momwe tambala wa sukulu ankandijompha akakolo sabata iliyonse.

Miyezi yonseyo Hector anandiyankhula kawiri. Koyamba anati, "Bwereke rula." Kachiwiri anati, "Wandiponda."

Kalabu yachinayi inali ya magazini ya sukulu, ndipo imeneyo ndinalowa chifukwa ndinkadziwadi kutayipa. Tinalimo atatu, tonse ana a anthu ochokera ku Malawi. Panali ine, Kulsum wa ku lokeshoni ya Harare komwe lero mumati Mbare, ndi Laston Njoloma, mnyamata wamfupi, wanthabwala, yemwe anadziwika sukulu yonse atalowetsa nkhuku yofungatira mu kabati ya ahedi.

2

Mwezi wa Okutobala, aphunzitsi oyang'anira kalabu yathu, a Marufu, anabwera ndi ganizo.

"Aliyense wa Folomu 4 alembe pa kapepala chomwe adzakhale mu 1988," anatero. "Tiziika pa tsamba lapadera. Koma ahedi apereka malamulo. Wina asalembe za usilikali, wina asalembe za ndale, ndipo wina asatchule dzina la dziko."

"Chifukwa chiyani, sala?" anafunsa Kulsum.

"Chifukwa ngakhale ahediwo sakudziwa kuti mu 1988 lidzatchedwa chiyani."

Timapepalato tinabwera makumi asanu ndi limodzi. Madokotala analipo khumi ndi awiri, kuphatikizapo mnyamata wina yemwe anakomoka tsiku lomwe tinatumbula chule. Mtsikana wina analemba kuti adzakhala ndi nyumba ya masitepe ku Highlands, dera la azungu, ndipo mzungu azidzamutchetchera kapinga. A Marufu anaseka, kenaka anakang'amba. Kulsum analemba kuti adzakhala namwino ku Mangalande. Ine ndinalemba kuti ndidzakhala sekeletale. Laston analemba mawu awiri okha: "Ndidzakhala wamtali." Hector analemba kuti adzakhala woyendetsa ndege, basi.

Achinyamata a lero simungadziwe momwe tinkasindikizira. Tinkatayipa pa sitensulo, pepala lofewa la phula lomwe makina otayipira ankaliboola zilembo. Kenaka ankalikulunga pa makina a dzanja, Laston n'kumapukusa chogwirira, mapepala n'kumatuluka. Ukalakwitsa, unkapaka mankhwala ofiirira onga kyutekisi, n'kudikira aume, n'kutayipanso pamwamba pake. Chifukwa cha ziletso za malonda zomwe mayiko anaika pa Rhodesia, masitensulo anali owerengeka, ndipo kabotolo ka mankhwalako kanali kotsiriza pa sukulu yonse.

Tinkatayipa mosinthana. Tinamaliza Lachisanu, ndipo a Marufu anati adzawerenga zonse Lolemba tisanasindikize. Koma Lolemba m'mawa tinapeza magazini mazana atatu ali mulu pa tebulo, osindikizidwa kale, omangidwa ndi mawaya. Laston anali chiimire pambali, manja akuda ndi inki.

"Ndinabwera Loweruka, sala. Ndimafuna ndikudabwitseni."

A Marufu anamusisita pamutu, nati dziko likufunika anyamata otere. Anagawa magaziniwo osawerenga.

3

Kuseka kunayambira kumbuyo kwa kalasi, kukubwera kutsogolo desiki ndi desiki. Magaziniyo inali ya Chingerezi, koma pa tsamba 14 panalembedwa zotanthauza izi:

"Hector Chikapa: Ndidzakhala woyendetsa ndege. Ndidzakwatira Annet Kamwendo wa ku Glen Norah, yemwe ndimamukonda mobisa, ndipo tidzabereka ana asanu ndi awiri."

Hector anawerenga kawiri, nadzuka. "Annet Kamwendo ndi ndani?"

Kalasi yonse inatembenukira kwa ine.

Sisi Annet ndi mkulu wanga. Nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ankasoka malaya pa fakitale ina ku Southerton, ndipo anali pachitomero. Chinkhoswe chinali chitachitika kale, ukwati unali pa 16 Disembala. Mwamuna wake anali Fackson, yemwe ankagwira ntchito limodzi ndi bambo. Anali munthu wabwino, wosamwa, koma wansanje moti sisi akamwetulira kondakitala wa basi, iye ankafuna kudziwa mudzi wa kondakitalayo.

Magazini yanga ndinaiponya mu khola la nkhuku. Sizinathandize. Mwana wa oyandikana nafe nyumba anali mu Folomu 1, ndipo amayi ake anabwera nayo kwathu kudzawaonetsa bambo tsamba loyamba, pomwe panali dzina langa monga wotayipa. Bambo Chingerezi ankachimva cha kuntchito chokha. Anaona dzinalo, nkhope yawo inawala, naipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la ovolosi.

"Ababa, mulibe nkhani zabwino m'menemo," ndinatero.

"Mwana wanga walemba buku. Anzanga akaone."

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro, bambo anasonkhanitsa anzawo onse pansi pa shedi ku Workington. Anaitana wodziwa Chingerezi kuposa onse kuti awawerengere mokweza n'kumamasulira. Wodziwa Chingerezi kuposa onse anali Fackson.

Akuti anawerenga bwino kwambiri. Anthu anaseka za Laston, anaseka za madokotala. Atafika pa Hector anamasulira mpaka pa "ndidzakwatira", kenaka anangoima, milomo ikuyendabe.

"Pitiriza, mkamwini," anatero bambo. "Akwatira ndani mnyamatayu?"

4

Madzulo anafika awiri pa njinga zawo, osayankhulana. Amayi anali kukhonde akusankha mpunga, sisi Annet akusoka diresi la mmodzi wa operekeza mkwatibwi. Fackson anaika magaziniyo pa makina osokera, chala chili pa tsamba 14.

Sisi anawerenga n'kuphulika kuseka. "Hector ndi ndani? Mwana wa sukulu?"

"Ukuseka," anatero Fackson. "Ine lero sindinadye, iwe ukuseka."

"Nanga ndilire? Munthuyu sindimudziwa."

"Sumudziwa, koma akudziwa dzina lako, akudziwa komwe umakhala, ndipo mwagwirizana kale ana asanu ndi awiri. Ine ndi iwe tinagwirizana anayi."

"Fackson, ukudzimva zomwe ukunena?"

"Mwezi wa Febuluwale pa siteji ya basi unafunditsa ambulera mnyamata wa yunifolomu. Wamtali."

"Uja ndi mwana wa abusa."

"Unatero iwe."

Kuseka kwa sisi kunatha. Fackson anagwada pamaso pa bambo, nanena mwaulemu kuti iye sakuthetsa ukwati, koma sangakaime kutsogolo kwa tchalitchi anzake a kuntchito akumutchula kuti wothandizira woyendetsa ndege. Zonse ziime kaye mpaka choona chidziwike.

Lamulungu lotsatira dzina la sisi silinalengezedwe kutchalitchi. Amayi ena omwe anali atalonjeza kudzaphika paukwati anayamba kupereka moni wa patali. Wina anauza amayi anga kuti iye anali ataona kale kuti Annet amayenda mothimbwidzika kwambiri. Sisi anapinda diresi laukwati n'kuliika pansi pa sutikesi, ndipo anasiya kuimba posamba.

Tinkagona chipinda chimodzi. M'mawa wina akumanga duku anandifunsa osandiyang'ana.

"Tecla, iwe unali pa makinawo. Sunaone amene analemba?"

"Tinkatayipa mosinthana, sisi."

Sindinaname. Tinkatayipadi mosinthana.

5

Kusukulu ahedi anatiitana atatu tonse. Kulsum analumbira kuti tsamba 14 sanalikhudze, ndipo ankalira moti ahedi anamupatsa mpango wawo. Ine ndinati masamba anali ambiri, sindikukumbukira. Kenaka anatembenukira kwa Laston.

"Njoloma, anaika nkhuku mu kabati yanga ndani?"

"Ine, sala."

"Anasindikiza magazini aphunzitsi asanawerenge ndani?"

"Ine, sala."

"Ndiye analemba zachipongwezi ndani?"

Laston anayang'ana pansi. Anamukwapula zikoti zisanu ndi chimodzi ife tikumvera pakhomo, namuuza kuti asapondenso pa sukulu. Mayeso a Cambridge anali atatsala masabata awiri, ndipo ahedi anati salemba pokhapokha mabanja olakwiridwa atamukhululukira.

Patatha masiku atatu ndinakumana naye ku masitolo a ku Machipisa, amayi atandituma ulusi. Anali atatsamira chipupa cha golosale. Kukhala pansi sankatha.

"Zikuyenda bwanji ku khola la nkhuku?" anandifunsa. "Tambala wako akukusowa?"

"Laston, upanga bwanji?"

Anakweza mapewa. "Mayeso akandikaniza, ndikhaliranji kuno? Wamva kuti boma likufuna kuyamba kulemba anyamata akuda ophunzira ku usilikali wawo? Ngati ndi kunyamula mfuti, bola ndikanyamule kutsidya."

"Usamanene zimenezo pamsewu."

"Alipo munthu amadziwa njira."

Ndinakumbukira madesiki atatu aja. Mayi wa mmodzi wa anyamatawo ankabwerabe pageti la sukulu Lachisanu lililonse, kumangoyang'ana ana akutuluka.

"Iwe Tecla," anatero Laston, akundiyang'ana m'maso, "ulibe choti undiuze?"

"Ndikuuze chiyani?"

"Basi, ndimangofunsa."

Ndinafika kunyumba ndilibe ulusi.

6

Ankhoswe anaitanitsa msonkhano Loweruka masana kwathu. Pabalaza pathu panali pang'ono, ndiye mipando ina tinakabwereka. Anabwera Fackson ndi nkhoswe yake, Hector ndi bambo ake, Laston ndi amayi ake, komanso a Marufu atanyamula sitensulo ija mu envulopu. Ine ndinali wopereka tiyi.

Amalume, omwe anali nkhoswe ya sisi, anayamba ndi pemphero lalitali. Atatha anaitana sisi Annet kuti aime pakati.

"Mnyamata iwe," anatero kwa Hector, "uyu ukumudziwa?"

Hector anadzuka, napinda mawondo pang'ono, nati, "Mwaswera bwanji, amayi?"

"Amayi?" anatero sisi. "Ine ndine amayi ako?"

"Pepani. Ndimati mwina ndinu azakhali a m'nyumba muno."

Fackson, yemwe anabwera kudzatsimikiza kuti mnyamatayu amamufuna mkazi wake, anadzambatuka. "Ukutanthauza kuti ndi wokalamba? Tamuyang'ana bwino. Pali chomwe chikusowa pa iyeyu?"

"Ayi, akulu, ndi okongola."

"Mwamva? Wavomera."

Zinatenga nthawi kuti akhalenso pansi. Bambo a Hector anati mwana wawo za akazi sazidziwa, usiku amalota ndege, ndipo amachita phokoso lake kutulo. Amalume anati ngati ndi choncho, mlandu wonse uli pa Laston, ndipo anene chomwe banja la a Kamwendo linamulakwira.

Amayi a Laston anali mayi wamasiye wogulitsa tomato ku msika waukulu wa Musika. Anatsika pa mpando n'kugwada pa simenti.

"Makolo anga, mwanayu ndi wopulupudza, ndikudziwa. Mukwapuleninso, mulimitseni munda, chilichonse. Koma muloleni alembe mayeso. Dzulo ndapeza chikwama pansi pa bedi lake, atalongedzamo zovala. Ndili naye yekhayu."

Aliyense anamva tanthauzo la chikwamacho. Laston anali kuyang'ana denga, maso atafiira.

Ndinali nditagwira ketulo. Ndinaiika pansi bwinobwino, n'kugwada pafupi ndi amayi a Laston.

"Ababa," ndinatero, "ndinalemba ndine."

7

Zomwe zinachitika Lachisanu lija ndi izi.

Kulsum anali atapita kwawo, Laston ali panja kutsuka makina. Ndinatsala ndekha ndi tsamba 14. Nditatayipa kuti Hector adzakhala woyendetsa ndege, ndinaona kuti mzerewo ndi waufupi, wosungulumwa. Ndinangofuna kuona momwe zingaonekere zitalembedwa ndi makina, kamodzi kokha, kenaka ndifufute. Zala zanga zinatayipa kuti adzakwatira Tecla Kamwendo wa ku Glen Norah, yemwe amamukonda mobisa. Anawo ndinayamba ndi atatu m'maganizo, koma ndinaona kuti woyendetsa ndege angathe kusamala ambiri.

Ndinakhala ndikuwerenga mzerewo, mtima uli mbee. Kenaka ndinatsegula kabotolo ka mankhwala ofufutira. Munali kadontho kamodzi. Ndinakanda ndi kaburashi mpaka pansi, ndipo zomwe zinatuluka zinakwana zilembo zisanu zokha. Ndinafufuta dzina langa.

Pamenepo ndinamva makiyi a a Marufu akulira pakhonde, akubwera kudzatseka. Kung'amba sitensulo sindikanatha, anali ataziwerenga. Kusiya mpata sindikanathanso, chifukwa pa sukulu yonse Kamwendo ndinali ndekha. Ndinafunika Kamwendo wina wa zilembo zisanu, wosadziwika pa sukulupo. Padziko lonse ndinkadziwa mmodzi.

Ndinkati Lolemba ndilawirira ndi kyutekisi wa sisi n'kudzafufuta mzere wonse. Lolemba ndinalawiriradi, kyutekisi ali mu sokosi, n'kupeza magazini mazana atatu pa tebulo.

Nditamaliza kufotokoza, a Marufu anatulutsa sitensulo n'kuiyang'anitsa pa windo. Pansi pa chigamba chofiirira dzina langa linkaoneka bwinobwino. Inayenda dzanja ndi dzanja mpaka inafika kwa bambo. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Asanu ndi awiri," anatero. "Iwe wosadziwa n'kukazinga dzira komwe."

Amayi anabisa nkhope mu chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinkayesa akulira, koma ankaseka. Hector anali kundiyang'anitsitsa, ndipo kwa kamphindi, ngakhale ndinali pamavuto otere, mtima wanga unadumpha.

"Kodi si iwe wa rula uja?" anatero.

Sisi Annet sanaseke. Anandigwira khutu n'kundikokera kuchipinda, ndipo zomwe anandiuza kumeneko sizingalembedwe m'magazini ya mabanja. Koma mawu amodzi ndimawamvabe. Anati, "Za ukwati wanga ndikanakukhululukira msanga. Koma iwe unaima pakhomo kumamvera mwana wa eni akukwapulidwa."

Lolemba ndinaima kutsogolo kwa sukulu yonse n'kuvomera. Mpaka tsiku lomaliza ankanditchula Mayi Pailoti, ndipo ana a Folomu 1 ankatambasula manja n'kumauluka ndikamadutsa. Laston anabwerera, nalemba mayeso. Fackson anabwera ndi ambulera yatsopano kudzapepesa sisi, ndipo ukwati unalengezedwa.

8

Pa 16 Disembala diresi langa la woperekeza mkwatibwi linavalidwa ndi msuweni wathu. Ine sisi anandipatsa ntchito kuseri kwa holo, pa mabafa atatu a mbale zakuda. Kwaya ikuimba mkati, ndinaona wina akukwinya manja a malaya pafupi nane. Anali Laston.

"Pita ukadye," ndinatero. "Lero ndiwe mlendo wolemekezeka."

"Ndadya kawiri. Sisi wako akungondiwonjezera." Anatenga mbale n'kuyamba kutsukuluza. "Tecla, ndikuuze chinthu. Koma ulumbire kuti sudzauza munthu ine ndili moyo, makamaka sisi wakoyo."

Ndinalumbira.

"Sitensulo iliyonse ndimayamba ndaiyang'ana pa windo ndisanaiike pa makina. Lachisanu lija a Marufu asanakhome chitseko, ndinalowa kukasiya ndowa. Ndinaona chigamba, ndinaona ndi dzina linali pansi pake."

Mbale inandipulumuka m'manja n'kumira mu bafa.

"Unadziwa?"

"Ndinadziwa. Ndinadziwanso kuti Lolemba ufufuta, n'kupitiriza kumutsata kukwaya ndi kukabichi. Chaka chonse ndakhala ndikukupangira nthabwala, iwe maso ali pa windo kufuna Hector. Zinandipweteka. Ndinapempha makiyi kwa alonda Loweruka, ndinati zituluke, tione ngati woyendetsa ndegeyo akudziwa n'komwe. Kuti Annet ndi mkulu wako wa pachitomero sindinadziwe."

"Nanga bwanji sunanene kwa ahedi?"

"Ndikanati chiyani? Zikotizo zinali zanga ndithu. Ndinangolandira msanga."

"Nanga chikwama chija?"

"Chimenecho chinali choona. Ndinalongedza. Koma munthu wodziwa njira uja atandifunsa ngati ndingathe kuyenda masiku asanu ndi limodzi, ndinamuuza kuti ndidikire kaye matako apole."

Ndinamuthira madzi a mbale kuyambira kumutu. Anangopukuta nkhope n'kutenga mbale ina.

Tinakwatirana mu 1984.

9

Owerenga anzanga, anthu akamva nkhani ngati iyi amafuna phunziro. Loyamba ndi lapafupi: mawu omwe simukufuna kuti dziko liwerenge musawalembe, ngakhale pongofuna kuona momwe akuonekera. Zidzukulu zanga zimachita zomwezo pa mafoni awo, ndipo ndikazichenjeza zimandiyang'ana ngati sindinakhalepo mtsikana.

Koma chomwe chimandiluma si kulembako. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri amaloledwa kupusa. Chimandiluma ndi masabata awiri aja omwe ndinakhala chete, ndikudya, ndikugona, mkulu wanga akufota, mnzanga akulongedza chikwama. Mwa anyamata atatu omwe anawoloka m'kalasi mwathu, anabwerako mmodzi. Ngati pali china chomwe mwachita ndipo wina akuchilipira m'malo mwanu, musadikire kuti mayi wamasiye agwade pa simenti.

Laston anatisiya chaka chatha, mwezi wa Juni, titakhala limodzi zaka makumi anayi. Lumbiro langa latha, n'chifukwa chake ndalemba.

Tsono sisi Annet, ndikudziwa kuti magazini ino mumawerenga, ndipo mwafika pano magalasi ali pamphuno. Kuyambira chaka cha ukwati wathu, Khisimasi iliyonse tinkadyera kwanu. Khisimasi iliyonse munkachotsa nthutumba ya nkhuku m'mbale ya alamu a Fackson n'kuiika m'mbale ya Laston, n'kunena kuti, "Idyani, alamu, munavutika popanda chifukwa." Iye ankaweramitsa mutu ngati woyera mtima, n'kuyankha kuti, "Zinapita zimenezo, sisi."

Ine ndinkakhala pafupi naye, ndikumuponda phazi pansi pa tebulo. Anadya zonse, chaka ndi chaka, osatsamwa ngakhale kamodzi.